Mapu m'manja mwa wapaulendo

Pa mapu a dziko lapansi, Africa ndi Ulaya ndi oyandikana ngati khonde ndi bwalo. Pamalo opapatiza kwambiri pakati pa Morocco ndi Spain pali makilomita 14 okha a madzi, mtunda woti pakanakhala msewu, wakabaza akanaupalasa osapumira. Munthu wa pasipoti ya ku France kapena ku Germany amawoloka pamenepa pa sitima m'mawa n'kukadya nkhomaliro kutsidya. Mnyamata wa ku Mali kapena ku Sudan akhoza kutha zaka akuzungulira, kugona m'tchire, kugwidwa, kubwezedwa, n'kuyambiranso, ndipo ena amathera m'madzi momwemo. Mapu satchula zimenezi. Amangoonetsa mizere ndi mitundu, ngati kuti mtunda umakhala wofanana kwa wina aliyense.

Sabata ino, awerengi, ndati tikambirane za mayi wina waluso amene anaona kuperewera kumeneku n'kuganiza zopereka mapuwo kwa eni ake ulendo kuti alembepo okha. Dzina lawo ndi Bouchra Khalili. Anabadwira mumzinda wa Casablanca ku Morocco m'chaka cha 1975, anakulira ku Morocco komweko ndi ku France, ndipo anaphunzira za mafilimu komanso luso la zojambula ku Paris. Ndi mmodzinso mwa anthu amene anathandiza kukhazikitsa nyumba yosungira ndi kuonetsera mafilimu mumzinda wa Tangier, womwe uli m'mphepete mwa madzi ndatchula aja. Nkhani ya malire iwo sanaiphunzire m'buku, anakula nayo.

Kwathu kuno tikamva za munthu waluso timaganiza za wosema ziboliboli kapena wojambula Phiri la Mulanje pansalu n'kumagulitsa kwa alendo. Limenelo ndi luso ndithu. Koma luso la mayi Khalili limayenda njira ina. Asanagwire kamera amayamba achita kafukufuku: kuwerenga zikalata zakale, kufufuza m'nyumba zosungira mbiri, kukhala nthawi yaitali m'mizinda imene anthu apaulendo amadutsamo. Ndipo ntchito yawo saipanga okha. Amaipanga pamodzi ndi anthu amene nkhaniyo inawachitikira, moti mawu amene omvera amamva ndi a anthuwo. Paja mutu umodzi susenza denga.

Ntchito yawo yodziwika kwambiri imatchedwa The Mapping Journey Project, ndipo anaipanga kuyambira 2008 mpaka 2011. Ndi makanema 8 afupiafupi, iliyonse ya mphindi zowerengeka. Mukanema iliyonse kamera sisuntha. Imangoyang'ana mapu wamba a mayiko, ofanana ndi amene timapachika m'kalasi. Kenako pamatulukira dzanja logwira cholembera chonenepa cha inki yosafufutika, ndipo pamamveka mawu a munthu akufotokoza kumene anachokera, kumene anadutsa, ndi zimene zinamuchitikira pamalo alionse. Pamene akulankhula, dzanjalo limajambula mzere wa ulendowo. Nkhope sioneka. Mulibe nyimbo yomvetsa chisoni, mulibe mtolankhani wofunsa mafunso, ndipo palibe pamene anadula n'kulumikiza. Munthuyo akayamba kulankhula amapitiriza mpaka afike pamene ali tsopano.

Anthu 8 amenewa mayi Khalili anakumana nawo m'mizinda ya Marseille ku France, Bari ndi Rome ku Italy, Barcelona ku Spain, Istanbul ku Turkey, ndi Ramallah ku Palestine. Sanachite kuwasankha pa kaundula wa ofesi ina iliyonse. Ankakumana nawo m'malo amene apaulendo amapezeka, n'kumacheza nawo, ndipo pambuyo pake ndi pamene ankawapempha kuti ajambule ulendo wawo. Ichi n'chofunika kuchimvetsa. Munthu wopanda mapepala anazolowera kufotokoza mbiri yake kwa wapolisi kapena kwa mkulu woona zolowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo kumeneko amanena zokhazo zimene akuganiza kuti zimupulumutsa. Kuti afotokoze momasuka, mwadongosolo lake, pafunika kuti ayambe wamudziwa womumverayo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Maulendo ake ndi otani? Pali mayi wachitsikana wochokera ku Mogadishu ku Somalia amene anadutsa m'chipululu, kulowa mu Libya, n'kuwoloka nyanja ya Mediterranean pa boti mpaka ku Italy. Pali mnyamata wa ku Dhaka ku Bangladesh amene pofuna kukafika ku Italy mzere wake unakafika ku Moscow, n'kubwerera, n'kudzatsikira muno mu Africa, kudutsa mayiko a m'chipululu cha Sahara, ndipo ulendowo unamutengera zaka. Pali wa ku Afghanistan, wa ku Sudan, wa ku Algeria, wa ku Tunisia ndi wa ku Morocco. Mizere yawo imakhotakhota, imabwerera m'mbuyo, imadutsa pamalo amodzi kawiri kapena katatu, ndipo ikamatha mapu amakhala atasanduka ngati pamene padutsa nkhuku yofukula.

Ulendo umene umandikhudza kwambiri ndi waufupi kuposa onse. Mnyamata wa ku Ramallah akufotokoza momwe amayendera kukaona bwenzi lake ku Jerusalem. Mizinda iwiriyi yatalikirana mtunda wosafika makilomita 20. Koma chifukwa cha mpanda, zipata za asilikali ndi zilolezo zimene iye alibe, amayenda mozembera, kudzera m'mapiri ndi m'njira zokhota. Iyeyu sakuthawa njala, sakufuna ntchito ku Ulaya, akungofuna kukacheza ndi wokondedwa wake. Pomuika pamodzi ndi anzake aja, mayi Khalili akutionetsa kuti chimene chimatalikitsa ulendo ndi chilolezo. Wokhala nacho amayenda mzere wowongoka, wopanda nacho amazungulira.

Nanga zilolezozi zinavuta liti? Sizinali choncho kuyambira kale. Mpaka 1991, nzika ya Morocco inkalowa mu Spain popanda viza. Mayiko a ku Ulaya atagwirizana, kudzera m'pangano la Schengen, zochotsa zipata pakati pawo, anakhwimitsa zipata zakunja. Chitseko cha m'kati chinatseguka, cha panja n'kukhomedwa misomali. Panalinso lamulo la Dublin, lonena kuti wopempha malo othawirako nkhani yake iweruzidwe m'dziko limene anayamba kufikira, ndipo kuyambira 2003 zidindo za zala za anthu otere zimasungidwa m'kompyuta imodzi ya mayiko onsewo. Choncho munthu amene anadinda zala ku Italy, ngakhale akafike ku Norway kumene kuli abale ake, ankabwezedwa ku Italy. Mukaona mzere wa inki ukubwerera pamene unachoka, nthawi zambiri wabwezedwa ndi malamulo ngati amenewa.

Ena angafunse chifukwa chake nkhope sizioneka. Chifukwa choyamba n'chosavuta kuchiona: anthuwa analibe mapepala, ndipo kuonetsa nkhope kukanakhala kuwapereka m'manja mwa apolisi. Koma palinso china. Tikaona nkhope ya munthu wovutika timathamangira kumumvera chisoni, ndipo chisoni sichichedwa kutha. Timati kalanga ine, n'kusintha tchanelo. Pamene palibe nkhope, maso amakakamizika kutsatira cholembera ndipo makutu amamvetsera mawu. Umayamba kuona kuti munthuyu akudziwa mayina a matauni a mayiko asanu ndi awiri, akukumbukira mtengo wa ulendo uliwonse, amalankhula zinenero zingapo, anagwirapo ntchito zosiyanasiyana kuti apeze ya thiransipoti. Amene umamuyesa wopemphetsa uja amasanduka mphunzitsi wako wa jogalafe.

Izi n'zosiyana ndi momwe nkhani za anthu osamuka zimatifikira. Pa 3 October 2013 boti linamira pafupi ndi chilumba cha Lampedusa ku Italy ndipo anthu oposa 360 anafa, ambiri a iwo ochokera ku Eritrea. Bungwe la IOM, loona za anthu osamuka, lawerengera anthu oposa 25,000 amene afa kapena kusowa pa nyanja ya Mediterranean kuyambira 2014. Manambala amenewa ndi ofunika, sitingawataye. Koma nambala silankhula. Chithunzi cha anthu odzadzana m'boti, chojambulidwa kuchokera m'ndege, chimawaonetsa ngati nyerere pa chitsa. Ntchito ya mayi Khalili imatenga munthu mmodzi pagulu lija, n'kumupatsa cholembera ndi mphindi zake zoti alankhule popanda womudula mawu.

M'chaka cha 2011 anaonjezera gawo lina lotchedwa The Constellations. Anatenga mizere 8 ija n'kuisindikiza pa mapepala a mtundu wobiriwira ngati thambo la usiku. Anachotsa malire onse ndi mayina a mayiko, n'kusiya timadontho toyera pamene panali mizinda, tolumikizidwa ndi mizere. Zotsatira zake zimaoneka ngati magulu a nyenyezi. Nzeru yake ndi yakuti kale anthu oyenda panyanja ndi m'chipululu ankalondola njira poyang'ana nyenyezi, kusanabwere mapasipoti. Kumwamba kulibe chipata. Ife a kuno tingaimvetse msanga mfundo imeneyi, popeza malire amene atsamunda anadula pambuyo pa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885 anagawa Achewa m'mayiko atatu, ndipo chaka ndi chaka anthu a ku Malawi ndi ku Mozambique amawoloka boda kukachita nawo mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kwa mfumu yawo yomwe.

Ntchito ina imene aphunzitsi a zinenero angaikonde ndi The Speeches Series, ya 2012 mpaka 2013. M'gawo loyamba, anthu asanu osamukira ku Paris anasankha zolankhula za anthu otchuka monga Malcolm X, Aimé Césaire ndi Mahmoud Darwish, n'kuzimasulira m'zinenero za makolo awo, monga Wolof, Kabyle ndi Dari, kuziloweza pamtima, n'kuzilankhula pamaso pa kamera. Kuno nkhope zikuoneka, chifukwa eni ake aima ngati olankhula pamsonkhano. Magawo ena awiri anawapangira ku Genoa ku Italy ndi ku New York, kumene osamuka analemba okha zolankhula zawo zokhudza unzika ndi ntchito. Munthu amene masana amatsuka mbale kuseri kwa lesitilanti, osaonedwa ndi aliyense, akulankhula nkhani zikuluzikulu za dziko m'chinenero chimene ambiri amachiyesa cha kumudzi basi.

Mbali ya kafukufuku imaoneka bwino mu kanema yotchedwa The Tempest Society, imene anaionetsa mu 2017 pa chionetsero cha documenta 14. Anafukula mbiri yoiwalika ya gulu la zisudzo lotchedwa Al Assifa, limene linapangidwa ku Paris m'zaka za m'ma 1970 ndi antchito ochokera kumpoto kwa Africa pamodzi ndi ophunzira a ku France. Gululi linkachita masewero m'malo a anthu wamba, kufotokoza za tsankho ndi nkhanza zimene antchito achilendo ankakumana nazo. Mayi Khalili anatenga mbiri imeneyi n'kupita nayo ku Athens, kumene achinyamata atatu a mumzindawo anaiukitsa poiphatikiza ndi mavuto a masiku ano. Kachitidwe kameneka kali ndi mizu yake ku Morocco, kumene kuli mwambo wa halqa: wokamba nthano amaima pabwalo la msika, anthu n'kumuzungulira. N'chimodzimodzi ndi bwalo lathu, pamene wokamba sapitirira ngati omvera sakuvomera.

Tsopano tifike pa funso lovuta, chifukwa kuyamikira kokha sikuthandiza. Makanema 8 aja anaonetsedwa ku Sharjah mu 2011, ku nyumba yotchuka ya zaluso ya MoMA ku New York mu 2016, ndiponso pa chionetsero chachikulu cha ku Venice mu 2024. Pa nthawi imene ankaonetsedwa ku MoMA, munthu wamkulu ankalipira madola 25 kuti alowe. Ambiri oonera anafika kumeneko pa ndege, mapasipoti awo ali m'thumba. Eni maulendo aja sakanapatsidwa n'komwe viza yoti akaone dzanja lawo lomwe pa sikirini. Dzina limene latchuka ndi la waluso. Ndiye wina akhoza kufunsa kuti, kodi kumeneku si kudyera masuku pamutu anthu ovutika? Kodi pali mpanda ngakhale umodzi umene unagwa chifukwa cha makanemawa?

Funsoli ndi lachilungamo ndipo sindikufuna kulizemba. Mpanda wa ku Ceuta ndi Melilla ulipobe, ndipo anthu akumirabe. Kusiyana kwa mphamvu pakati pa wogwira kamera ndi wogwira cholembera sikungathe chifukwa choti awiriwo acheza bwino. Komabe ine ndikuona kuti pali kusiyana kwenikweni pakati pa kutenga nkhani ya munthu ndi kumupatsa malo oti aikambe. Kuno kumudzi timawadziwa alendo amene amabwera pa galimoto zikuluzikulu, kujambula ana ovala zong'ambika popanda kupempha, n'kumapita. Chithunzicho chimakanena zimene wojambula akufuna. Mu ntchito ya mayi Khalili mwini nkhani ndiye amasankha poyambira, chonena, chosiya, ndi pothera. Zimene sakufuna kuti zidziwike amazisunga. Ulemu umenewu si wochepa kwa munthu amene moyo wake wonse wakhala akufunsidwa mafunso ndi anthu a yunifolomu.

Chachiwiri, tisapemphe luso kuti ligwire ntchito ya nyumba ya malamulo. Chimene lingathe ndi kusunga umboni ndi kusintha kaonedwe ka zinthu. Boma lililonse lili ndi mapu ake, oonetsa pamene mphamvu zake zathera. Anthu wamba alibe mapu oonetsa momwe mphamvuzo zimawapwetekera. Pakadzatha zaka 100, wofuna kudziwa momwe anthu osauka ankayendera m'nthawi yathu adzapeza malipoti a apolisi ndi manambala a mabungwe. Chifukwa cha ntchito ngati iyi adzapezanso mawu a anthu 8 akufotokoza okha. Ndipo oonera a ku New York ndi ku Venice aja ndi omwewo amene amavotera maboma opanga malamulo a viza. Ngati pali anthu ofunika kumva, ndi iwowo.

Wina anganene kuti izi ndi za ku Ulaya, ife sizikutikhudza. Komatu njira ya anthu osamuka si yopita kumpoto yokha. Ilipo ina yochokera ku Ethiopia ndi Somalia, kudutsa Kenya ndi Tanzania, kulowera ku South Africa, ndipo imadutsa pakhomo pathu penipeni. Mu June 2012 anthu oposa 40 ochokera ku Ethiopia anamira pa nyanja ya Malawi m'boma la Karonga. Mu March 2020 anthu 64 anapezeka atafa chifukwa chobanika mu kontena ya thiraki m'chigawo cha Tete ku Mozambique, itangochokera kuno. Mu October 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka manda obisika a anthu pafupifupi 30, omwe akuganiziridwa kuti analinso a ku Ethiopia. Aliyense wa iwo anali ndi mzere wake woti akanaujambula. Unadukira m'dziko lathu, ndipo ambirife tinangomva nambala pa wailesi.

Ifenso eni ake ndife mtundu wa apaulendo. Agogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku minda ya fodya ya ku Southern Rhodesia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown ku Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kumudzi, ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Kulembako kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA mpaka kunatha mu 1988. Mawu oti mtchona sanabwere ndi mphepo. M'midzi yambiri muli banja limene bambo ake anapita osabwerako, ndipo ku Zimbabwe kuli zidzukulu zolankhula Chichewa zimene sizinapondepo kuno.

Lero ulendo wa ku Joni ukupitirira, kungoti wasintha maonekedwe. M'malo mwa ndege ya kampani pali mabasi ndi matiransipota, kudzera pa Mwanza kapena pa Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka pa Beitbridge. Ife aphunzitsi a m'masukulu a kumudzi timaziona ndi maso. Teremu ikayamba desiki ina imakhala yopanda munthu, ukafunsa anzake amangoti anatsika. Mnyamata amene wachoka amakhala ataona njinga yamoto, foni ndi nyumba ya malata za amene anabwerako bwino. Za amene anatsekeredwa ku Lindela kudikira kubwezedwa, za amene anathawa zipolowe zodana ndi alendo mu 2008 ndi 2015 n'kubwera pa basi ya boma chimanjamanja, sazimva mokwanira, chifukwa wobwera wopanda kanthu amachita manyazi kulankhula. Mudzi umamva theka la nkhani.

N'chifukwa chake teremu yapitayi ndinabwereka nzeru ya mayi Khalili m'kalasi langa la Fomu 3. Kamera tilibe, ndipo ma atilasi ndi ochepa moti sitingalole kuti alembedwe. Tinajambula mapu a kummwera kwa Africa kuseri kwa makalendala akale. Wophunzira aliyense anapita ndi pepala lake kunyumba kukapempha wachibale mmodzi amene anayendapo kunja kuti ajambule yekha njira yake, uku akufotokoza. Malamulo anali atatu: cholembera agwire mwini ulendo, wophunzira asamudule mawu, ndipo dzina la munthuyo lisalembedwe paliponse. Amene wakana asakakamizidwe.

Zimene zinabwera zinaposa mutu umene tinkaphunzira. Panali mzere wa agogo ena amene ali mnyamata anayenda wapansi mpaka ku Salisbury, imene lero ndi Harare, kuwoloka Zambezi pa bwato. Panali wa mayi wochita geni amene amadutsa pa Songwe kukapikula katundu ku Tanzania, ndipo amadziwa mtengo wa malo ogona alionse a m'njira. Panali wa amalume ena wopita ku Joni katatu n'kubwezedwa kawiri, ndipo mwana wa mlongo wawo, yemwe ankangodziwa za wailesi yaikulu imene anabwera nayo, anamva koyamba kuti anagonapo m'chitokosi. Mtsikana wina anabwera ndi mzere wolowera kuno m'malo motuluka: agogo ake anathawa nkhondo ku Mozambique, pa nthawi imene dziko lino linasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni. Anzake ankakhala naye desiki imodzi osadziwa.

Sindikunena kuti mapepala amenewa aletsa mwana aliyense kupita ku Joni, ndipo cholinga sichinali chimenecho. Bola ngati kumudzi kulibe ntchito ndipo feteleza akukwera mtengo chaka chilichonse, achinyamata adzapitabe, ndipo ndalama zimene amatumiza zikulipira fizi ya ana ambiri amene ndimawaphunzitsa. Chimene ndikufuna n'chakuti wonyamuka anyamuke akudziwa njira yonse, ndi zokhota zake zomwe, osati mbali yokoma yokha. Safunsa anadya phula. Koma kwa aphunzitsi anzanga ofuna kuyesa, chenjezo ndi ili: nkhani zimenezi ndi za eni. Musazijambule pa foni n'kuziponya pa Facebook kapena pa WhatsApp. Wina mwa ofotokozawo akhoza kukhala ndi mwana amene ali kunja popanda mapepala, ndipo wina wakamba zimene sanauzepo ngakhale mkazi wake. Phunziro lalikulu la makanema aja ndi lomwelo la kubisa nkhope.

Pali phunziro linanso, lokhudza pakamwa pathu. Msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene kale unali ndende, unayamba kulandira othawa kwawo mu 1994. Unakonzedwera anthu pafupifupi 10,000 koma tsopano muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni abwerere kumsasako, ndipo ambirife tinaombera m'manja. Pa nkhani ya malamulo anthu akhoza kusiyana maganizo, ndipo dziko lili ndi ufulu woteteza malire ake. Koma mawu amene timanenera anthuwa m'minibasi ndi ofanana ndendende ndi amene ana athu amanenedwa ku Durban: atilanda ntchito, atilanda malonda, azipita kwawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ku Dzaleka komweko kwakhala kukuchitika chikondwerero cha zaluso cha Tumaini kuyambira 2014, chimene anachiyambitsa ndi wothawa kwawo wa ku Congo, ndipo kumeneko eni nkhani amazikamba okha. Ndi angati a ife tinapitako kukamvetsera?

Pomaliza, pempho langa likupita kwa aphunzitsi, atsogoleri a magulu a achinyamata ndi a mipingo, ngakhalenso ophunzira a m'makoleji amene amasowa mitu ya kafukufuku. Amuna amene anapita ku Wenela chisanafike chaka cha 1974 tsopano apitirira zaka 70, ndipo chaka chilichonse tikuwaika m'manda pamodzi ndi njira zawo. Amayi amene anatsala akulera ana okha, kudikira kalata, nawonso ali ndi mbali yawo imene palibe anailemba. Sipafunika thandizo lochokera kunja kuti tiyambe. Pafunika pepala lalikulu, cholembera, chilolezo cha mwini nkhani, ndi munthu wodziwa kukhala chete. Amene mungayese kwanuko, lembani kalata ku tsamba lino mutiuze kumene mizere ya m'mudzi mwanu yakafika, koma mayina a eni ake muwasunge.